Kabokosi ka sola kasiya kutumiza malipoti: kodi waranti ya zaka 25 ija yathera pomwepo?

Funso: Zaka 6 zapitazo ndinaikitsa mapanelo a sola 16 padenga la nyumba yanga, ndipo pansi pa panelo iliyonse pali microinverter yakeyake. M'nyumba anandiikira kabokosi kotchedwa gateway, kamene kamatumiza malipoti pafoni yanga. Kwa milungu itatu tsopano pafoni sipakuoneka chilichonse. Amene anandiikira akuti waranti ya kabokosiko inali ya zaka 5 ndipo inatha, pamene ine ndikukumbukira bwino kuti pogula anandiuza za zaka 25. Kodi mapanelo anga akupangabe magetsi? Kodi anandipusitsa? Nanga ndikapanda kugula kabokosi kena, nditaya chiyani?

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi mbali imene ndikuganiza kuti ndi imene ikukusowetsani mtendere. Pa makina ambiri a mtundu umenewu, kabokosi kakasiya kugwira ntchito mapanelo amapitiriza kupanga magetsi monga mwa masiku onse. Ntchito yosandutsa magetsi a DC ochokera mu panelo kukhala a AC amene nyumba imagwiritsa ntchito imachitikira padenga pomwepo, mu microinverter iliyonse payokhapayokha, ndipo magetsiwo amatsika ndi nthambo zawo mpaka ku bodi ya nyumba osadzera m'kati mwa kabokosi kaja. Kabokosiko ndi mlembi chabe. Kamafunsa microinverter iliyonse kuti yapanga magetsi ochuluka bwanji, kamasunga mayankhowo, kenako kamawatumiza pa intaneti ku maseva (makompyuta osungira uthenga) a kampani yopanga makinawo, kumene pulogalamu ya pafoni yanu imakawatenga. Pa makina a Enphase, imodzi mwa makampani opanga ma microinverter, mwachitsanzo, kabokosi kamasonkhanitsa manambala mphindi 5 zilizonse ndipo kamawatumiza mphindi 15 zilizonse ngati intaneti ili bwino. Mlembi akadwala antchito sasiya kugwira ntchito, kungoti palibe amene akulemba zimene agwira.

Pali nyumba zina zimene nkhani yake imasiyanako. Ngati muli ndi mabatire, kapena ngati kampani yogawa magetsi inakuikirani malire a magetsi amene mungabweze ku nthambo zake, kabokosi kamakhala ndi udindo woposa kulemba, pakuti ndi kamene kamayeza magetsi olowa ndi otuluka n'kulamula ma microinverter kuti achepetse kapena aonjezere mphamvu. Makina okonzedwa motero amatha kuchepetsa mphamvu kapena kuimiratu akasiya kumva kabokosi, ndipo amatero dala kuti asapyole malire aja. M'funso mwanu simunatchule mabatire kapena malire otere, choncho nditenga kuti anu ndi makina wamba.

Mutha kudzitsimikizira nokha osakwera padenga. Tsiku lopanda mitambo, dzuwa lili paliwombo ndipo magetsi a kampani alipo, zimitsani zipangizo zodya magetsi ambiri n'kukayang'ana mita. Ndatchula zoti magetsi a kampani akhale alipo chifukwa ma microinverter wamba amazima okha magetsiwo akathima, pofuna kuteteza amisiri amene angakhale akukonza nthambo, ndipo muyezo wa IEEE 1547, wonena za kalumikizidwe ka makina otere ku nthambo za kampani, umafuna kuti azime pasanathe masekondi awiri. Ngati mita yanu imasonyeza magetsi obwerera ku kampani, muona nambala yake ikukwera. Ngati siisonyeza zimenezo, yerekezani mmene mayunitsi akuthera masana panopa ndi mmene ankathera m'nyengo yomweyi chaka chatha. Yang'ananinso buleka ya sola pa bodi, muone ngati siinagwe. Mmisiri wa magetsi ali ndi njira yodalirika kuposa zonsezi, yomwe ndi kupana nthambo ya sola ndi mita yoyezera mphamvu, ndipo zimenezi zimamutengera mphindi zochepa. Akafika pansi pa mapanelo, kagetsi ka pa microinverter kamamuuzanso zambiri. Pa za Enphase, kakamaphethira kobiriwira ndiye kuti zonse zili bwino, kakamaphethira mwa mtundu wa lalanje ndiye kuti magetsi ali bwino koma microinverter sikumvana ndi kabokosi, ndipo kofiira kamasonyeza vuto lina lofunika kulifufuza. Ntchito ya padengayo muisiyire mmisiri.

Ndikupemphaninso kuti musafulumire kuvomereza zoti kabokosi kafa, makamaka ngati amene wanena zimenezo wangozinena pafoni osabwera kudzakaona. Kuti nambala imodzi ifike pafoni yanu imachoka padenga kufika ku kabokosi, imadutsa m'kabokosimo, imapita ku rauta, kenako ku maseva a kampani, ndipo paliponse pamene ulendowu waduka, chimene inu mumaona ndi chimodzimodzi: pulogalamu yopanda kanthu. Pa ntchito imene ndagwira, malo amene ndawapeza ataduka kawirikawiri ndi pakati pa kabokosi ndi rauta. Dzifunseni kuti milungu itatu yapitayo m'nyumba munasintha chiyani. Rauta yatsopano, dzina latsopano la Wi-Fi, pasiwedi yosinthidwa, ngakhale kungosuntha rauta kupita nayo chipinda china, chilichonse mwa zimenezi n'chokwanira kuti kabokosi kakhale chete. Timabokosi tambiri, makamaka takale, timamva Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, ndipo rauta ikaikidwa kuti izipereka ya 5 GHz yokha, kabokosi sikaiona n'komwe. Njira yachidule yoyesera ndi kutenga nthambo ya intaneti, ija ya Ethernet, n'kulumikiza kabokosi ku rauta mwachindunji. Ngati patapita kanthawi malipoti ayamba kubwera, kabokosi kanu kalibe vuto, ndipo mwina muonanso manambala a masiku apitawa akudzaza okha, chifukwa timabokositi timasunga zimene talemba kwa nthawi ndithu intaneti ikasowa. Ine ndimalangiza kuti nthamboyo ingokhalapo mpaka kalekale ngati n'kotheka, pakuti nthambo siiwala pasiwedi.

Timabokosi tina sitidalira rauta ya m'nyumba, timakhala ndi kachipangizo kogwiritsa ntchito netiweki ya mafoni. Apa pali misampha iwiri. Kachipangizoka kamabwera ndi mgwirizano wa data wa zaka zowerengeka, nthawi zambiri 5, ndipo zakazo zikatha malipoti amaima ngakhale chilichonse chili chamoyo. Popeza makina anu ali m'chaka cha 6, ndikanayamba kufunsa zimenezi. Msampha wina ndi woti netiweki yeniyeniyo imatha kuchotsedwa. Ku United States, kampani ya AT&T inazimitsa netiweki yake ya 3G mu February 2022, ndipo Verizon inazimitsa yake kumapeto kwa December chaka chomwecho. Makina ambiri a sola amene ankatumiza malipoti kudzera pa 3G anangoti zii, osati chifukwa choonongeka, koma chifukwa msewu umene ankadutsa unatsekedwa. Eni ake anafunika kugula kachipangizo katsopano kapena kusamukira ku Wi-Fi.

Ulendo wochokera padenga kufika ku kabokosi ndi umene umavuta kumvetsa, ndipo ndi umene umazunguza ngakhale amisiri. Makina a Enphase satumiza uthenga wawo pamphepo. Amaudutsitsa mu nthambo zomwezo za magetsi a AC, ngati kachizindikiro kofooka ka pamwamba pa 100 kHz kokwera pa magetsi a 50 kapena 60 Hz. Ubwino wake ndi woti sipafunika nthambo ina yochokera padenga. Kuipa kwake ndi koti chipangizo chilichonse chimene chimasokosera pa nthambo za m'nyumba chingathe kukwirira kachizindikiro kaja, monga mmene mawu a munthu wolankhula motsitsa amasowera m'chipinda mwa phokoso. Zipangizo zimene zimakonda kusokosera motero ndi mababu ena a LED osapangidwa bwino, machaja okalamba, masiwichi ochepetsera kuwala, ndi mainjini amene liwiro lake limasinthidwa ndi makina, monga a mapampu ena a madzi. Ndinaitanidwapo ku nyumba ina kumene ma microinverter ankasowa pa malipoti pafupifupi ola lomwelomwelo tsiku lililonse n'kudzabweranso okha madzulo. Mwini nyumba anali atauzidwa kale kuti agule kabokosi kena. Titazimitsa mabuleka a nyumba imodziimodzi kwinaku tikuyang'ana mphamvu ya chizindikiro, tinapeza kuti phokoso linkachokera pa pampu imene inkayaka yokha pa nthawi yoikika. Sefa yaing'ono ya magetsi pa nthambo ya pampuyo inathetsa nkhani yonse, ndipo kabokosi kamene anafuna kukataya kanapitiriza ntchito. Pa chifukwa chomwechi, kabokosi ka mtundu uwu sikayenera kulumikizidwa pa soketi zoonjezera zokhala ndi chitetezo cha m'kati kapena pa UPS (chipangizo cha batire chopereka magetsi akathima), pakuti zipangizo zimenezi zimasefa kachizindikiro kaja poganiza kuti ndi phokoso. M'nyumba za magetsi a nthambo zitatu vuto limatha kukhala loti kabokosi kali pa nthambo ina pamene ma microinverter ali pa ina, ndipo pamafunika kachipangizo kolumikiza chizindikiro pakati pa nthambozo.

Makampani ena anasankha njira ya pamphepo. Kabokosi ka APsystems, kotchedwa ECU, kamalankhula ndi ma microinverter kudzera pa Zigbee ya 2.4 GHz, ndipo ka Hoymiles, kotchedwa DTU, kamagwiritsanso ntchito mafunde a wailesi. Kumeneko adani ake ndi mtunda, malata, konkire yokhuthala ndi kamlongoti kokhala pamalo obisika, ndipo nthawi zina kungosendeza kabokosi pafupi ndi denga kumakwanira.

Tiyerekeze kuti mwayesa zonsezi ndipo kabokosi sikakuyaka ngakhale kagetsi kamodzi, kapena kakungoyaka n'kuzima mobwerezabwereza. Apo ndiye kuti kafadi, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Kabokosi aka ndi kakompyuta kakang'ono kamene kamayaka usana ndi usiku chaka chonse. Gawo lake lolandira magetsi lili ndi makapasita, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi, okhala ndi timadzi m'kati, timene timauma pang'onopang'ono, ndipo amisiri a zamagetsi amayendera lamulo loti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita yotere umafupika ndi theka. N'chifukwa chake kabokosi koikidwa m'bokosi la pakhoma loombedwa ndi dzuwa la masana, kapena kudenga kumene kumatentha ngati uvuni, sikakhalitsa mofanana ndi kamene kali pamthunzi popita mphepo. Gawo losungira uthenga nalonso limatha, chifukwa mtundu wa chosungira umene amati flash uli ndi malire a maulendo amene ungalembedwe, ndipo kabokosi kamalemba mphindi zochepa zilizonse kwa zaka. Magetsi akamathimathima mwadzidzidzi pamene kabokosi kali pakati pa kulemba kapena kulandira pulogalamu yatsopano, pulogalamu yake ya m'kati imatha kusokonekera moti sikangadzukenso. Pamapeto pali mphenzi. Siifunika kugwera pa nyumba yanu yeniyeniyo. Ikagwa chapafupi, mphamvu yake imatha kulowera pa nthambo za magetsi kapena pa nthambo ya intaneti n'kuotcha tizigawo tofewa. Ngati kabokosi kanu kali ndi adaputala yakunja, yesani kaye ina yofanana mphamvu, chifukwa nthawi zina chimene chafa ndi adaputala yokha.

Tsopano tifike pa funso lanu loti kodi anakupusitsani. Mmene ndikuonera, munauzidwa zoona zosakwanira, ndipo mchitidwe umenewu ndi wofala moti umandipweteka mtima. Makina a sola a padenga alibe waranti imodzi. Mapanelo ali ndi yawo, ndipo nthawi zambiri imakhala pawiri, ina ya kapangidwe ndi ina yolonjeza kuti mphamvu yake siidzatsika kupyola mlingo wakuti pa zaka zakuti. Ma microinverter ali ndi yawo. Kabokosi kali ndi yake. Mmisiri kapena kampani yoika nayonso imapereka yake ya kagwiridwe ka ntchito, yokhudza zinthu monga kudontha kwa denga ndi kulumikiza nthambo. Wogulitsa akamalankhula amatola nambala yaikulu pa zonsezi, ndipo wogula amapita kwawo akuganiza kuti nambalayo ikuphimba chilichonse. Simunatchule kampani imene inapanga makina anu, koma manambala amene mwapatsidwawo akufanana ndi a Enphase, imene ku United States imapereka zaka 25 pa ma microinverter, chiyambire mtundu wa M215 umene unatuluka mu 2011, koma zaka 5 zokha pa kabokosi kake, kamene kale kankatchedwa Envoy ndipo tsopano kamatchedwa IQ Gateway. Zakazi zimasiyana malinga ndi dziko limene katunduyo anagulitsidwira, ndipo makampani ena amapereka zaka 10 kapena 12 pa microinverter, ndi mwayi wogula zaka zoonjezera. Chimene ndachiona kulikonse n'chakuti waranti ya kabokosi imakhala yaifupi kwambiri kuposa ya zimene zili padenga.

Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chomveka. Microinverter imamatidwa m'kati monse ndi utomoni wapadera woletsa chinyezi, ilibe chozungulira chilichonse, ndipo ntchito yake siisintha pa moyo wake wonse. Kabokosi kamakhala pakati pa zinthu zimene zimasintha msanga, monga ma rauta, ma netiweki a mafoni ndi njira zotetezera uthenga pa intaneti, ndipo palibe kampani imene ingalonjeze kuti kakompyuta ka lero kadzamvanabe ndi intaneti ya zaka 25 zikubwerazi. Zaka 5 sizikutanthauza kuti kabokosi kamafa pa chaka chachisanu, ndipo tambiri timapyola pamenepo. Komabe munthu amene akuyembekeza kukhala ndi mapanelo kwa zaka 25 ayenera kudziwiratu kuti mwina adzagula kabokosi kena ndi ndalama zake panjira, ndipo wogulitsa woona mtima amayenera kunena zimenezi asanalandire ndalama.

Musanavomereze kuti mulibe pogwira, tengani mgwirizano umene munasainirana ndi okuikirani muuwerenge mawu ndi mawu. Ngati analemba kuti makina onse ali ndi waranti ya zaka 25 popanda kupatula kabokosi, lonjezo limenelo ndi lawo, ndipo sangabisale kumbuyo kwa zaka 5 za kampani yopanga. Onaninso tsiku limene waranti inayambira, chifukwa ena amawerenga kuchokera tsiku loyatsa makina pamene ena amawerenga kuchokera patapita miyezi yochepa katunduyo atachoka ku fakitale. Malamulo oteteza ogula amaimanso paokha pambali pa waranti. M'maiko a European Union wogulitsa amakhala ndi udindo kwa zaka zosachepera ziwiri pa katundu wosalongosoka, ku United Kingdom kuli lamulo la Consumer Rights Act la 2015, ndipo ku United States lamulo la Magnuson-Moss la 1975 limafuna kuti mfundo za waranti zilembedwe momveka. Pa kabokosi ka zaka 6 malamulo otere mwina sangakuthandizeni kwambiri pa kufa kwake, koma angathandize pa nkhani ya zimene munalonjezedwa pogula ngati muli ndi umboni wolembedwa.

Funso lanu lomaliza ndi limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amalakwitsira pamenepa. Amaona kuti magetsi akubwerabe ndipo amaganiza kuti kabokosi kanali kongosangalatsira maso pafoni. Zoona zake n'zakuti kabokosi kameneka ndi mboni yanu pa waranti ya zaka 25 ija. Nyumba ya inveta imodzi yaikulu yosandutsa magetsi a mapanelo onse pamodzi, invetayo ikafa magetsi onse a sola amatha tsiku lomwelo ndipo mwini nyumba amadziwa msanga. Ma microinverter amafa mwakachetechete, imodziimodzi. Pa mapanelo anu 16, imodzi ikasiya kugwira ntchito mumataya gawo limodzi mwa magawo 16, kutanthauza 6.25 peresenti, ndipo kutsika kochepa chonchi kumabisala mosavuta m'kusintha kwa mitambo, fumbi ndi nyengo. Simungakuone pa bilu. Mutha kukhala zaka ndi microinverter yakufa imene kampani ikanakusinthirani kwaulere. Ndipo tsiku limene mudzakayikire, kampani yopanga idzafuna kuona kaye malipoti a microinverter imeneyo, ndi nambala yake, kudzera pa kabokosi, isanavomere kutumiza ina. Zikalata zambiri za waranti zili ndi ndime yonena kuti makina azikhala olumikizidwa ku intaneti nthawi zonse, kupatulapo pamene vuto lachokera kunja kwa mphamvu za mwini wake, kuti kampani izitha kufufuza vuto ili kutali ndi kutumiza mapulogalamu atsopano. Milungu itatu imene kabokosi kanu kakhala chete siingakuphereni waranti, makamaka ngati mwalemba kalata yodziwitsa za vutoli n'kusunga yankho lake. Koma kukhala chaka chimodzi kapena ziwiri mwadala popanda kabokosi n'kupereka nokha chifukwa chokukanirani m'manja mwa amene mudzawapemphe thandizo.

Ndikukumbukira nyumba ina imene kabokosi kanasiya kugwira ntchito ndipo mwini wake anaona kuti kugula kena n'kutaya ndalama. Mapanelo ake anali m'magulu awiri, gulu lililonse ndi buleka yake. Pa nthawi ina imene palibe anaidziwa, buleka ya gulu limodzi inagwa, ndipo theka la denga linakhala likuotha dzuwa popanda kupanga kanthu. Anadzazindikira patapita miyezi yambiri, bilu itakwera mopitirira mmene nyengo ingafotokozere. Kukonza kwake kunali kungokweza buleka ndi kumangitsa nthambo imodzi yokhwefuka, koma magetsi a miyezi yonse ija anapita osabwerera, ndipo kawirikawiri waranti ya kampani yopanga siilipira magetsi otayika.

Mfundo yomalizayi ikutifikitsa ku timalemba ting'onoting'ono ta m'chikalata. Waranti yotere imatchedwa yamalire, ndipo malirewo ndi enieni. Kawirikawiri imakupatsani chipangizo china cholowa m'malo, chimene chingakhale chatsopano kapena chokonzedwanso, koma malipiro a mmisiri wochotsa chakale n'kuika chatsopano amatha kukhala anu. Chipangizo cholowa m'malocho sichiyambitsa waranti yatsopano, chimangopitiriza nthawi imene inatsala. Kuonongeka kochokera ku mphenzi, kusefukira kwa madzi, moto, tizilombo, kapena kukwera kwa mphamvu ya magetsi a kampani sikuwerengedwa, ndipo zinthu zoterezi ndi za inshulansi ya nyumba ngati muli nayo. Kutsegula kabokosi kapena kukaika mosatsatira buku la malangizo kumathetsa waranti. Makampani ena amafuna kuti katundu alembetsedwe m'kaundula wawo pasanathe masiku owerengeka ataikidwa, amafunanso kuti nyumba ikagulitsidwa waranti isamutsidwire kwa mwini watsopano potsata ndondomeko yawo, ndipo waranti imagwira ntchito m'dziko limene katunduyo anapangidwira kuti akagulitsidweko. Aliyense amene amaitanitsa yekha zipangizo kuchokera kudziko lina ayenera kufunsa za ndime imeneyi asanalipire.

Palinso chiopsezo chimene chikalata sichitchula, choti kampani yeniyeniyo ingathe kugwa. Enecsys, kampani yopanga ma microinverter ya ku Cambridge ku England, inagwa mu 2015, ndipo eni makina anatsala ndi timabokosi tamoyo topanda kotumiza malipoti, mpaka ena anadzilembera okha mapulogalamu owerengera uthenga wake. Mu August 2024 SunPower, imodzi mwa makampani akale ndi odziwika kwambiri a sola ku United States, inakadziwitsa khoti kuti yalephera kubweza ngongole zake, ndipo makasitomala ake ambiri anakhala ndi nkhawa yosadziwa amene adzasamalire malipoti ndi malonjezo amene anapatsidwa. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti kabokosi kabwino ndi kamene kamalola mwini wake kuwerenga manambala m'nyumba momwemo, pa netiweki yake, popanda kudzera ku maseva akutali. Timabokosi tambiri timalola zimenezi mwa njira ina yake, ngakhale makampani amatha kusintha malamulo. Enphase, kuyambira pa pulogalamu ya m'kati ya nambala 7, inayamba kufuna kuti mwini makina atenge kaye kiyi ya chilolezo kuchokera ku maseva ake asanawerenge kabokosi kake komwe. Kwa makina a Hoymiles kuli pulogalamu yaulere ya OpenDTU, yolembedwa ndi anthu odzipereka, imene imawerenga ma microinverter mwachindunji, ndipo ambiri amasonkhanitsa manambala otere mu pulogalamu ina yaulere yotchedwa Home Assistant. Njira zimenezi n'zabwino posunga mbiri yanu, koma musaziyese zolowa m'malo mwa kabokosi ka kampani pa nkhani ya waranti, chifukwa kampani imakhulupirira zimene yaona pa maseva ake.

Choncho langizo langa n'lakuti, mukatsimikizira kuti kabokosi kafadi, gulani kena. Mtengo wake ndi waung'ono poyerekeza ndi wa makina onse amene kakuyang'anira komanso zaka 19 za waranti ya ma microinverter zimene zakutsalirani ngati yanu ilidi ya zaka 25. Lembani kaye ku kampani yopanga, muwapatse nambala ya kabokosi ndi tsiku limene kanasiya kutumiza, ndipo muwapemphe kuti akuuzeni molemba mtundu wa kabokosi umene umamvana ndi ma microinverter anu, pakuti timabokosi tatsopano sitimamvana nthawi zonse ndi ma microinverter a mibadwo yakale ngakhale kampani ili imodzi. Sikulakwa kuwafunsanso ngati angakuchepetsereniko mtengo popeza waranti yangotha kumene. Kabokosi kogwiritsidwapo kale ntchito ndimakakayikira, chifukwa kamatha kukhala kolembetsedwabe pa dzina la mwini wake wakale ndipo simungadziwe kuti moyo umene katsala nawo ndi wautali bwanji. Katsopanoko kaikidwe pamthunzi pouma, pa nthambo yake yochokera pa bodi, ndipo pa bodipo mmisiri aikepo chotetezera ku kukwera kwa mphamvu cha mtundu umene susokoneza chizindikiro. Ngati makina anu ali ndi timphete toyezera magetsi tozungulira nthambo, mmisiri aonetsetse kuti tayang'ana mbali yoyenera, chifukwa kamphete kotembenuzidwa kamachititsa malipoti kunama, mpaka nyumba kuoneka ngati ikupanga magetsi usiku.

Pa tsiku loikalo musalole kuti mmisiri achoke musanalandire zinthu ziwiri. Akaunti ya makina ikhale pa dzina lanu ndi imelo yanu monga mwini wake, iye akhale wongopatsidwa chilolezo choona, kuti akadzasiya ntchitoyi musadzatsekeredwe kunja. Akupatseninso mapu a denga osonyeza nambala ya microinverter iliyonse ndi malo amene ili, ndipo mapuwo muwasunge pamodzi ndi malisiti ndi chikalata cha waranti cha chaka chimene munagula, pakuti mfundo zake zimasintha ndipo zimene zimakukhudzani ndi za nthawi imeneyo. Kenako werengani pa pulogalamu kuti ma microinverter onse 16 akuyankha, ndipo mbiri ya zaka 6 zapitazi yalumikizidwa ku kabokosi katsopano osati kuyambira pa ziro. Dikirani tsiku loyera bwino n'kuyerekeza mapanelo oyandikana amene ayang'ana mbali imodzi ndipo alibe mthunzi. Manambala awo ayenera kukhala oyandikana. Mukapeza imodzi ili pa ziro kapena yotsalira kutali ndi anzake kwa masiku angapo otsatizana, jambulani chithunzi cha lipotilo, lembani nambala ya microinverter imeneyo kuchokera pa mapu aja, ndipo tumizani dandaulo lanu ku kampani sabata lomwelo.